Ndikutopa, ndikupsa mtima msanga: kodi ndibaye testosterone?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 44. Kwa chaka tsopano ndikumangotopa, mimba yatuluka, ndipo chilakolako cha kuchipinda chachepa. Ndikumapsanso mtima msanga pakhomo. Mnzanga amene timanyamula naye zitsulo akuti testosterone wanga watha, ndiyambe kubaya jakisoni amene iye amabaya. Koma mayi a kunyumba akuti testosterone ndi amene amachititsa amuna nkhanza, ndiye ndikabaya ndifika poipa. Tikufunanso mwana wina mmodzi. Ndimvere ndani?

Yankho: Bambo, ndiyambire pa nkhani ya mwanayo, chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa zonse. Ngati mukufuna kuberekanso, jakisoni wa mnzanuyo musamuyandikire n'komwe. Ambiri amadabwa akamva izi. M'maganizo mwawo testosterone ndiye uchamuna weniweniwo, ndiye angalepheretse bwanji munthu kupereka mimba? Koma zimatero ndithu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva.

Testosterone ndi homoni, kutanthauza chinthu chimene thupi limapanga kuti chinyamule uthenga kudzera m'magazi, ndipo wambiri wa mwamuna amapangidwa m'machende, koma machende sadzilamulira okha. Lamulo limachokera ku ubongo. Mbali ina ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatumiza uthenga ku kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pake, kotchedwa pituitary, ndipo kameneka kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH. LH ndi amene amauza machende kuti apange testosterone, pomwe FSH amathandiza kuti mbewu ya abambo ipangike. Ubongo umakhala ukuyeza magazi usana ndi usiku. Ukaona kuti testosterone wachuluka, umachepetsa uthenga uja, ukaona kuti wachepa, umawonjezera. Tsono mukabaya testosterone wochokera m'botolo, ubongo umaona magazi atadzaza, n'kusiya kulamula. Machende amangokhala osagwira ntchito, ndipo kwa ambiri amayamba kufota. Vuto lake lili apa: kuti mbewu ipangike pamafunika testosterone wopangidwira m'kati mwa machende momwemo, amene amakhala wochuluka maulendo makumimakumi kuposa wa m'magazi. Wa jakisoni safika mulingo umenewo m'katimo. Umuna umatuluka ngati kale, koma mbewu mulibe kapena ndi yochepa zedi.

Izi n'zodziwika bwino moti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayesapo jakisoni wa testosterone ngati njira yolera ya abambo. M'kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1990, amuna pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amene ankabayidwa sabata ndi sabata anapezeka opanda mbewu ndi imodzi yomwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri akasiya mankhwalawa mbewu imabwerera, koma pamatha miyezi yambiri, ena mpaka zaka ziwiri, ndipo amene anabaya mulingo waukulu kwa zaka zambiri nthawi zina sachiriratu. Kwa banja limene zaka zikupita, miyezi imeneyi si yoseweretsa.

Mnzanuyo sakunama akamati akumva mphamvu, ndipo minofu mukuiona pa iyeyo ndi yeniyeni. Testosterone amakulitsa minofu, amalimbitsa mafupa, amathandiza thupi kupanga maselo ofiira a magazi, amadzutsa chilakolako. Ndi iye amene pa kutha msinkhu amameretsa ndevu, kukulitsa mawu ndi kutambasula mapewa a mnyamata. Mu 1996, ofufuza otsogozedwa ndi Shalender Bhasin ku America anapatsa amuna athanzi mamiligalamu 600 pa sabata kwa masabata khumi, mulingo woposa kutalitali umene thupi limapanga. Minofu inakula ngakhale mwa amene sankachita masewera olimbitsa thupi. Choncho mankhwalawa amagwiradi ntchito. Funso ndi lakuti kodi inuyo mukusowadi testosterone, ndipo mudzalipira chiyani m'thupi mwanu mukabaya musakusowa.

Pali nkhani yakale imene ndimakonda kuuza abambo amene abwera ndi umboni wa anzawo. Mu 1889, katswiri wotchuka wa ku Paris, Charles-Édouard Brown-Séquard, ali ndi zaka 72, anapera machende a agalu ndi a mbira, n'kusefa madzi ake, n'kumadzibaya. Anaimirira pamaso pa akatswiri anzake n'kulengeza kuti mphamvu zake zabwerera, akugwira ntchito nthawi yaitali osatopa, maganizo akuthwa ngati kale. Anthu masauzande anathamangira mankhwala otere. Lero tikudziwa kuti m'madzi amenewo munalibe testosterone wokwanira kusintha kalikonse, chifukwa machende sasunga homoniyi, amaitulutsira m'magazi ikangopangidwa. Mkuluyu sanali wabodza ayi. Anamvadi bwino chifukwa ankayembekezera kumva bwino. Testosterone weniweni anadzapezeka mu 1935, pamene gulu la Ernst Laqueur ku Amsterdam linamusefa kuchokera m'machende a ng'ombe, ndipo chaka chomwecho Adolf Butenandt ndi Leopold Ruzicka anapeza njira yomupangira mu labotale. Choncho munthu akakuuzani kuti "ndinangobaya kamodzi kutopa konse kunatha", mawu akewo sangakuuzeni chimene chili m'magazi mwanu.

Tibwere kwa inu. Kutopa, kunenepa pamimba ndi kupsa mtima ndi zizindikiro zimene zimabwera ndi matenda ambirimbiri: shuga, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, matenda a impso kapena chiwindi, kusagona mokwanira, ndiponso matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene mwa abambo kawirikawiri amaonekera mwa ukali osati misozi. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya amene anatuluka mu 2010 anayeza amuna oposa 3,000 a zaka 40 mpaka 79 m'mayiko asanu ndi atatu. Anapeza kuti zizindikiro zimene zimayenderanadi ndi kuchepa kwa testosterone ndi zitatu, zonse za kuchipinda: kuchepa kwa chilakolako, kusowa kwa kutota kwa m'mamawa, ndi kulephera kutota pa nthawi yogonana. Amuna amene anali ndi zizindikiro zitatuzi pamodzi ndi testosterone wochepadi m'magazi anali pafupifupi awiri okha pa 100 aliwonse, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba kapena onenepa kwambiri. N'zoona kuti homoniyi imatsika ndi zaka, koma imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa 100 chaka chilichonse munthu akadutsa zaka za m'ma 30 kapena 40. Sichitha mwadzidzidzi ngati momwe msambo umasiyira mwa amayi. Mawu akuti "watha" aja ndi okokomeza.

Popeza mwatchula kuchepa kwa chilakolako, kuyezetsa magazi n'koyenera, ndipo ndikukulimbikitsani kutero. Koma kuyeza kwake kuli ndi malamulo amene anthu ambiri sawatsata. Testosterone amakwera usiku munthu ali m'tulo, amafika pachimake m'mamawa, kenako amatsika masana. Amatsikanso munthu akangodya, makamaka zotsekemera. N'chifukwa chake magazi ayenera kutengedwa m'mawa, nthawi isanakwane 10 koloko, musanadye kanthu, mutagona bwino, komanso musakudwala malungo kapena matenda ena otentha thupi. Akapezeka wochepa, muyezetsenso tsiku lina, chifukwa amuna ambiri amene koyamba amaoneka ochepa, kachiwiri amapezeka ali bwinobwino. Mwa amuna akuluakulu mulingo wabwino umakhala pakati pa 300 ndi 1,000 ng/dL, ngakhale malabotale amasiyanako pang'ono, ndipo ena amalemba mu nmol/L. Wina akakupatsani mankhwala atakuyezani kamodzi madzulo, kapena osakuyezani n'komwe, dziwani kuti sakukuthandizani.

Tiyerekeze kuti wapezekadi wochepa kawiri konse. Dokotala wabwino sathamangira jakisoni, amayamba wafunsa kuti wachepa chifukwa chiyani. Amayeza LH, FSH ndi homoni ina yotchedwa prolactin kuti adziwe ngati vuto lili m'machende kapena ku ubongo. Machende amatha kuwonongeka ndi matsagwidi amene anagwira munthu atakula, kuvulala, kapena mankhwala a khansa. Palinso vuto lobadwa nalo lotchedwa Klinefelter, limene limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 600 aliwonse kapena kuyandikira apo, ndipo ambiri amakula osadziwa. Chotupa cha pa pituitary chimathanso kutseka uthenga uja, ndipo chimenecho chimafuna chithandizo chakechake. Kubaya testosterone kungangobisa vutolo chotupa chikukula. Mankhwala ena amatsitsanso homoniyi, makamaka opha ululu amphamvu a gulu la morphine ndi tramadol, komanso prednisolone akamwedwa nthawi yaitali.

Koma kwa bambo wa msinkhu wanu amene mimba yatuluka, chimene ndimakayikira koyamba ndi mimbayo. Mafuta a m'thupi ali ndi chinthu chotchedwa aromatase chimene chimasandutsa testosterone kukhala estradiol, homoni imene imachuluka mwa amayi. Estradiol ameneyu, pamodzi ndi kusokonekera kwa shuga kumene kumabwera ndi kunenepa, amachititsa ubongo kuchepetsa lamulo lake. Testosterone akatsika, minofu imachepa, mafuta amawonjezeka, ndipo zinthu zimangozungulira choncho. Ubwino wake ndi wakuti zimabwezeka. Abambo onenepa akachepetsa thupi, testosterone wawo amakwera yekha, ndipo akachepetsa kwambiri amakweranso kwambiri. Tulo nato n'tofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Ofufuza a ku Chicago mu 2011 anatenga anyamata athanzi n'kuwalola kugona maola asanu okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi. Testosterone wawo wa masana anatsika ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100. Sabata imodzi yokha! Ndipo afunseni mayi ngati mumaliza mkonono kwambiri, n'kumakhala ngati mwasiya kupuma kwa kanthawi kenako n'kudzidzimuka. Amenewo ndi matenda, amatopetsa, amakwiyitsa, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo jakisoni wa testosterone amatha kuwakulitsa. Mowa wambiri nawonso umapha mphamvu ya machende.

Ndimanena kawirikawiri kuti mwa amuna ambiri a zaka zapakati, testosterone wochepa ndi chotsatira cha thupi lodwala kapena lotopa, osati chiyambi chake. Mukamubaya popanda kukonza chimene chamutsitsa, nambala ya pa pepala ikwera, koma shuga, mkonono ndi nkhawa zikhala pomwepo.

Sindikufuna kuti mumve ngati ndimadana ndi mankhwalawa. Kwa mwamuna amene machende kapena pituitary yake yalephera, testosterone ndi chithandizo chabwino kwambiri, chimabweza chilakolako, magazi, mafupa ndi mphamvu, ndipo ndi tchimo kumumana. Kwa amene wangotsika pang'ono chifukwa cha zaka, phindu lake n'lochepa kuposa momwe otsatsa malonda amanenera. Kafukufuku wa ku America amene anayamba kufalitsidwa mu 2016, wa amuna 790 a zaka 65 kupita m'tsogolo, anapeza kuti chilakolako ndi zochitika za kuchipinda zinasinthako ndithu, kusangalala kwa mumtima kunakwerako pang'ono, koma kutopa sikunasinthe kwenikweni, ndipo kukumbukira zinthu sikunasinthe n'komwe. Wina wamkulu kwambiri wotchedwa TRAVERSE, wa amuna oposa 5,000 amene anali kale pachiopsezo cha matenda a mtima, anatuluka mu 2023. Nkhani yabwino inali yakuti matenda a mtima oopsa ndi sitiroko sizinachuluke. Koma kugunda kwa mtima kosalongosoka, kuundana kwa magazi m'mapapo ndi kuvulala kwa impso zinapezeka mochulukirapo mwa olandira testosterone. Ndipo kumbukirani kuti amenewa anali amuna oyezedwa, olandira mulingo wa kuchipatala, oyang'aniridwa ndi madokotala.

Jakisoni wodzibaya yekha wa mnzanu wonyamula zitsulo uja ndi nkhani ina. Nthawi zambiri mulingo wake umakhala woposa wa kuchipatala kangapo, mankhwala amasakanizidwa awiri kapena atatu, ndipo zimene zalembedwa pa botolo sizikhala nthawi zonse zimene zili m'kati. Magazi amakhuthala chifukwa maselo ofiira achuluka. Ife timaimitsa chithandizo mulingo wake wotchedwa hematocrit ukadutsa 54 pa 100, koma wodzibaya yekha amuyeza ndani? Kuthamanga kwa magazi kumakwera, mafuta abwino a m'magazi amatsika, minofu ya mtima imakhuthala n'kufooka. Ziphuphu zimabuka kumsana, mabere amatupa chifukwa cha estradiol uja, ndipo amene kwawo kuli dazi limafulumira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chomvetsa chisoni kwambiri chimabwera munthu akasiya: ubongo unazolowera kukhala chete, machende anafota, ndiye kwa miyezi munthu amakhala ndi testosterone wochepa kuposa poyamba, wopanda chilakolako, wokhumudwa. Ambiri amabwerera ku jakisoni pa chifukwa chimenechi, osati chifukwa akufunanso minofu. Kubwerekana singano kumafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi.

Tsopano mawu a mayi. Ali ndi mfundo, koma nkhaniyi ndi yozama kuposa momwe imakambidwira. Chiyambi cha maganizo amenewa n'chakale. Mu 1849, Arnold Berthold ku Göttingen anathena atambala aang'ono. Kanyama kofiira ka pamutu kaja sikanakule, sankalira, sankathamangitsa misoti kapena kumenyana. Ena anawabwezera tchende m'mimba, ndipo amenewo anakula ngati atambala enieni, olira ndi andewu. Apa anthu anaphunzira kuti pali chinthu choyenda m'magazi chimene chimakhudza khalidwe. Koma munthu si tambala, ndipo ngakhale mwa nyama nkhani siithera pamenepo.

M'zaka za m'ma 1970, ofufuza ku England anayesa anyani aang'ono otchedwa talapoin, amene pagulu pawo aliyense amadziwa womuposa ndi womuchepera. Anatenga nyani wapakati n'kumupatsa testosterone wambiri. Anachitadi ndewu zochuluka, koma ndi ndani? Akuluakulu aja ankawagonjerabe ngati kale. Ukali wonse unathera pa ang'onoang'ono amene ankawazunza kale. Homoniyo sinabweretse khalidwe latsopano, inangokweza limene linalipo. Mwa anthu, akaphatikiza kafukufuku wambiri, mgwirizano wa pakati pa kuchuluka kwa testosterone wachibadwa ndi nkhanza umapezeka wofooka kwambiri. Simungayeze magazi a amuna khumi n'kuloza amene amamenya mkazi wake. M'kafukufuku wa Bhasin uja, ngakhale ndi mulingo waukulu chotero, ukali sunaoneke kuti wakwera. Komabe kafukufuku wina waonetsa kuti pa mulingo waukulu wotere pamakhala amuna owerengeka amene amasokonezeka ndithu, osagona, aphuma, okwiya ndi zazing'ono, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale kuti ndani adzatero. Apa ndi pamene mayi akunena zoona, makamaka kwa munthu amene akupsa kale mtima.

Kafukufuku amene amandikhudza kwambiri anachitika ku Zurich, n'kufalitsidwa mu 2010. Amayi anapatsidwa testosterone kapena mankhwala opanda kanthu, osadziwa chimene alandira, kenako anasewera masewera ogawana ndalama ndi munthu wina. Amene analandira testosterone weniweni anagawa mwachilungamo kuposa anzawo. Koma amene ankakhulupirira kuti alandira testosterone, kaya analandiradi kaya ayi, anagawa mwaumbombo. Mbiri ya homoniyi inawachititsa zoipa zimene homoniyo payokha sinawachititse. Akatswiri ambiri lero amaona kuti testosterone amakulitsa mtima wofuna ulemu ndi malo pakati pa anthu. Kumene ulemu umapezeka ndi zibakera, amakankhira ku zibakera. Kumene umapezeka ndi kuwolowa manja kapena kugwira ntchito molimbika, amakankhira komweko.

Ndiponso moyo wa munthu umasintha homoniyi, osati homoni yokha kusintha moyo. Imakwera munthu akamakonzekera mpikisano, ndipo kawirikawiri imakwera mwa wopambana kuposa wogonja. Ku Cebu m'dziko la Philippines, ofufuza anatsatira anyamata oposa 600 kwa zaka zingapo, n'kufalitsa zotsatira mu 2011. Amene anali ndi testosterone wambiri ndiwo anapeza akazi n'kubereka msanga. Koma atangokhala abambo, testosterone wawo anatsika ndi pafupifupi kotala m'mawa ndi gawo limodzi mwa atatu madzulo, ndipo amene ankasamalira ana maola ambiri patsiku anali ndi wochepa kuposa osasamalira. Kutsika kumeneku si matenda. Ndi thupi la mwamuna kudzikonza kuti alere.

N'chifukwa chake, bambo, ndikupemphani mwaulemu kuti ukali wa pakhomowo musauikire pa homoni, kaya yochepa kaya yochuluka. Mwina kuntchito bwana akakukwiyitsani mumadziletsa, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti mphamvu yodziletsa muli nayo. Kupsa mtima kumene kwayamba chaka chino, pamodzi ndi kutopa ndi kusowa chilakolako, kumandiganizitsa kwambiri za kusagona, nkhawa za moyo kapena matenda a kukhumudwa, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo. Mukapita kuchipatala mukanene zimenezi poyera monga mwandilembera ine, osabisa za kuchipinda chifukwa cha manyazi. Ngati ukaliwo wafika poopseza kapena kukweza dzanja, musadikire zotsatira za magazi, funani thandizo la aphungu sabata yomwe ino.

Mukakumana ndi dokotala, pemphani kuyezedwa shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, chithokomiro, impso ndi chiwindi, pamodzi ndi testosterone wa m'mawa. Nyamulani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula nokha. Kulephera kutota, ngati kulipo, mukakutchule padera, chifukwa mwa amuna a msinkhu wanu nthawi zambiri kumachokera ku mitsempha ya magazi osati ku homoni, ndipo kumatha kukhala chenjezo la matenda a mtima zaka zingapo asanaonekere. Zitsulozo pitirizani kunyamula, onjezerani kuyenda ndawala, chepetsani mowa ndi zotsekemera, ndipo yesetsani kugona maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo.

Zikapezeka kuti testosterone ndi wochepadi ndipo mukufunabe mwana, muwauze adokotala zimenezo asanalembe kalikonse. Pali mankhwala monga hCG ndi clomiphene amene amadzutsa machende kuti apange okha testosterone, osatseka mbewu, ndipo amaperekedwa ndi katswiri wa mahomoni kapena wa za kubereka. Ngati mwakhala mukuyesa kupeza mwana kwa chaka popanda zotsatira, kapena miyezi isanu ndi umodzi ngati mayi adutsa zaka 35, pitani nonse awiri, ndipo inuyo mukayezetse umuna tsiku lomwelo. Mnzanu uja naye mumuuze akayezetse magazi ndi mtima, ndipo asasiye yekha mwadzidzidzi popanda dokotala womuyang'anira.